Mwezi Umene Telefoni Yanga Inakhala ku Holanda

Ndinaleredwa ndi agogo anga, amayi awo a mayi anga, pamudzi wina kufupi ndi Lifidzi. Mayi anamwalira ndili ndi zaka zitatu. Bambo anali atatsogola kale ndisanayambe n'kukwawa komwe. Agogowo ndi mlimi wa mbatatesi, amavala majombo achimuna ngakhale popita kutchalitchi, ndipo kachitini kawo ka fodya wa m'mphuno kamakhala pa mfundo ya kapulana, chitenje chawo chija. Koma ulimi unali wapambali. Ntchito yawo yeniyeni inali kudziwa zinthu. Ankadziwa mwini mbuzi imene yalowa m'dimba pongoona m'mene yalumira masamba. Ankadziwa kuti ndadzera kumsika pochokera kushikola pongoyang'ana fumbi la kumapazi kwanga. Tsiku lina anandiuza kuti ndalephera mayeso a masamu ine ndisanalandire pepala langa, ndipo zinali zoona.

Mwana wokulira pamaso otere amaphunzira kutseka pakamwa. Anthu ankati, "Kamwana kamasiyeka n'kofatsa." Sankadziwa kuti ndinali kungosunga katundu wanga malo amodzi okha amene agogo sankatha kufikamo ndi tsache.

Lamulo lalikulu m'nyumba mwathu linali limodzi: za kwa bambo sitikamba. Ndinkadziwa kuti bambo anali a kutsidya kwa malire, mbali ya ku Dedza, kuti anaonana ndi mayi nthawi imene anthu akwathu anathawirako nkhondo, ndipo anawatsatira kuno n'kudzakhala mkamwini. Dzina lawo, mfunda wawo ndi dzina la mudzi wawo ndinkazidziwa chifukwa zinalembedwa pa chikalata changa cha ubatizo. Kupitirira apo panali khoma. Ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri ndinafunsa kamodzi kokha kuti manda awo ali kuti. Tinali m'munda. Agogo anaika khasu pansi.

"Ukafuna anthu amenewo upite konko, ndipo ukakhale konko. Ine ndilibe mdzukulu wa mitima iwiri."

Anatola khasu lawo n'kupitiriza kupalira. Sindinafunsenso. Padziko lonse ndinali ndi munthu mmodzi, ndipo sindikanamusinthanitsa ndi mulu wa dothi. Koma funsolo silinafe. Linangokhala pansi n'kumakula nane.

Nditamaliza maphunziro ndinapeza ntchito mu sekeretariya ya shikola ina ku Ulongwe, kulemba mayina a ana ndi kudinda zikalata. Ndinkagona m'kachipinda kutauniko, Loweruka n'kumapita kumudzi. Ndinkayesa kuti mtunda wa pakati pa Ulongwe ndi Lifidzi ndi ufulu.

Pashikolapo panali wayifayi, ndipo woisunga anali apulofesa a informatika, mphunzitsi wa za makompyuta, bambo wa kamimba kozungulira amene ankayenda ndi makiyi ambiri kuposa zitseko zonse za pamalopo. Senya, mawu aja olowera pa wayifayi, ankaipereka ngati akupereka mwana wawo wamkazi ku ukwati. Ankakonda kuima pakhomo la sekeretariya n'kulengeza kuti, "Chilichonse chodutsa mu wayifayi yanga ndimachiona. Muzidziwa zimenezo, anthu a Mulungu." Tinkaseka. Koma amayi awo a apulofesawo ndi agogo anga amapemphera mphakati umodzi, kagulu kaja ka akhristu a pamudzi.

Lachitatu lina ndinathandiza mnzanga kusankha diresi la ukwati pa tsamba lina logulitsa zovala za akwati. Loweruka, ndisanatsitse n'chikwama chomwe, agogo anati, "Ndiye mwamunayo ngwakuti? Kapena ine ndidzangomuonera paguwa ngati wansembe watsopano?"

Nkhani inachoka mu kompyuta, inalowa m'kamwa mwa apulofesa, inakwera chapa, kaminibasi ka kwathu, ndi amayi awo, inapemphera korona pa mphakati, n'kudzandidikira pakhonde. Masiku atatu okha. Kalata ya boma siyenda choncho.

VPN, imene kwathu timaitchula kuti vepeene, inafika ku Ulongwe nthawi ija masamba a mchezo anatsekedwa m'dziko muno. Mauthenga sankapita, zithunzi sizinkatseguka, ndipo anthu anali ngati nkhuku zimene zatsekeredwa kunja kwa khola. Kenako mphekesera inamveka yoti kuli kanthu kena koika mu telefoni, ndipo zonse zimatseguka. Pasanathe mlungu aliyense anali nako: ogulitsa tomato, osintha ndalama a pamalire a ku Kalomwe, ngakhale akatekisita amene ankalalikira kuti telefoni ndi khomo la Satana. Palibe ankadziwa kuti kanthuko n'chiyani. Tinkangodina pamene pali chithunzi cha kiyi, n'kudikira kuti pasanduke pobiriwira.

Amene anandimasulira anali apulofesora a biyolojiya, mayi wa mawu aakulu amene amafotokoza za kuswana kwa achule mopanda kuphethira. Anandipeza mu sekeretariya ndikuyang'ana kakiyiko.

"Mana, mchemwali wanga, tamvera. Ukamapita ku Kalomwe pa njinga ndi thumba la nyemba, aliyense panjira akuona: uyo akupita kumalire, wanyamula nyemba, ndipo tayala lakumbuyo latha. Koma ukakwera lole yokutidwa ndi lona, anthu akungoona lole. Sakudziwa kuti wanyamula chiyani, kaya ukatsikira pati. Vepeene ndi loleyo."

"Ndiye apulofesa a informatika saona kanthu?"

"Amangoona lona. Adzafa ndi njala ya nkhani."

"Nanga woyendetsa loleyo?"

"Ameneyo ndiye akudziwa zonse, mpaka nyemba zofumbwa. N'chifukwa chake lole umachita kusankha. Munthu akakukweza ulere, uzimufunsa kuti mafuta akugula ndi chiyani."

Vepeene yanga inali yaulere, ngati ya wina aliyense. Inkatenthetsa telefoni moti ukanatha kusitira kolala ya bulauzi. Batire inkatha dzuwa lisanafike pamutu. Mphindi iliyonse inkatulutsa zotsatsa malonda: za juga, za mankhwala okulitsa zinthu zimene ine ndilibe, ndi za akazi amene akuti ali pafupi nane ndipo akusungulumwa. Tsiku lina pamsonkhano wa aphunzitsi inangoyamba yokha kukuwa kuti ndapambana galimoto. Adiretori, mkulu wa shikolayo, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo n'kunena kuti, "Tikuyamikira, mudzatikwezeko."

Masamba atatsegulidwanso, anthu anafufuta kanthu kaja n'kuiwala. Ine sindinaiwale. Mawu a lona aja anandikhala m'mutu. Kwa nthawi yoyamba chibadwire ndinaona njira yofunsira za bambo anga popanda funsolo kukwera chapa.

Ndinafufuta yaulere ija, n'kulipira ina kwa mwezi umodzi ndi kakhadi kanga ka kubanki. Apulofesora ndiwo anandisankhira, ati eni ake amalumbira kuti salemba kumene anthu akupita. Ndinafunsa kuti tidziwa bwanji kuti sakunama. Anati, "Sitidziwa. Ndi m'mene timadyera kumaliro: umangokhulupirira kuti ophika anasamba m'manja."

Yolipirayo inali ndi ulemu. Sinkakuwa. Inandifunsa kuti ndikufuna kuoneka ngati ndili dziko liti, ndipo panali mndandanda wautali wa mbendera. Ine amene ndinali ndisanaonepo ngakhale mlatho wa ku Tete ndinakhala nthawi yaitali ndikusankha. Ndinasankha Holanda, chifukwa kumishoni ndinamvapo kuti kumeneko amalima mbatatesi, ndiye ndinaona kuti sindikakhala mlendo kwenikweni.

Kukhala ku Holanda kunali ndi mavuto ake. Chithunzi chimodzi chinkatenga nthawi yoti munthu n'kusenda mbatatesi zisanu. Zotsatsa malonda zinayamba kubwera m'chinenero cha zilembo zophatikizana, zonditsatsa njinga ndi majasi a chisanu. Banki yanga inakana kundizindikira, inaganiza kuti mbala ya kunja yandibera telefoni, ndipo ndinakaima pa mzere theka la tsiku kukatsimikiza kuti ine ndine ndemwe. Koma pa tsiku lachinayi apulofesa a informatika anabwera pakhomo la sekeretariya akuliza makiyi awo, nkhope ili yakugwa.

"Mana, telefoni yanu ili bwino? Ndikuona ikudya mamega a intaneti, koma sindikuona kumene ikupita."

"Mwina yadwala, apulofesa."

"Mubwere nayo ndiione."

"Ndaipatsa kale mankhwala."

Anachoka akuliza makiyi awo. Ndinamva kukoma kumene sindinakumvepo. Lona inali ikugwira ntchito. Zimenezi ndiyenera kuvomera poyera: chimene anandilonjeza anthu a lole aja anachita.

Tsono ndinalowa pa tsamba la mchezo lija aliyense ali nalo, n'kupeza gulu la anthu ochokera dera la kwawo kwa bambo. Linali gulu lalikulu, lodzaza ndi zolengeza za maliro, mitengo ya fetereza ndi mikangano ya mpira. Ndinakhala masiku awiri ndikulemba ndi kufufuta. Vuto linali lakuti kwathu munthu sungangofika pagulu n'kuponya funso ngati mwala. Umayamba wanena kuti ndiwe yani, mwana wa yani, wochokera kuti, kuti anthu adziwe poyambira kukuyankha. Wofunsa za munthu wakufa osadzitchula yekha ndi mfiti kapena wa boma. Choncho ndinalemba mwaulemu wonse umene agogo anandiphunzitsa. Ndinapereka moni kwa akuluakulu. Ndinatchula dzina langa, la malemu mayi anga, la malemu bambo ndi mfunda wawo. Ndinanena kuti ndinaleredwa ndi agogo anga akuti, pamudzi wakuti, kufupi ndi Lifidzi, kuseri kwa chigayo. Pamwamba pa zonsezo panali chithunzi changa, ndikumwetulira, nditavala kapulana ya chikondwerero cha parishi yathu.

Ndinayang'ana kakiyi kaja. Kanali kobiriwira. Ndinatumiza mtima uli m'malo, ngati munthu amene ali ku Holanda.

Mayankho anabwera ambiri. Anthu makumi angapo analemba kuti "Amen". Ena anapepesa maliro ngati achitika dzulo. Bambo wina anati za bambo anga sadziwa koma iyeyo ndi wosakwatira ndipo ali ndi njinga yamoto. Wina anafuna kudziwa mtengo wa nyemba ku Ulongwe. Patapita masiku, mayi wina amene analibe chithunzi anandilembera pambali mawu atatu okha: "Agogo anuwo alipo?" Ndinayankha kuti alipo. Ndinadikira. Ndinafunsa kuti ndikulankhula ndi yani. Anawerenga, osayankha. Milungu iwiri inadutsa, ndipo ndinaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Ndinakhumudwa, komanso pansi pa mtima ndinapepukidwa.

Linali Loweruka la nyengo yokumba mbatatesi. Tinali pabwalo, agogo ndi ine, tikusankha zazikulu zogulitsa ndi zazing'ono za mbewu, pamene njinga ziwiri za kabaza zinaima pamsewu. Panatsika bambo wachikulire wovala jekete lalikulu kuposa mapewa ake, ndi mayi wa duku loyera atanyamula tambala m'khwapa. Anafika m'mphepete mwa bwalo n'kuima.

"Odi kuno!"

Ndinayang'ana bamboyo. Anali ndi makutu anga. Makutu otambalala aja amene ana a kushikola ankanditonza nawo, amene palibe aliyense wa kwa mayi ali nawo, anali pamutu pa munthu wachilendo atavala jekete.

Agogo sanadzuke. Anayang'ana alendowo, n'kuyang'ana tambala, n'kuyang'ana ine. Kundiyang'ana kwake kunali kwakanthawi, koma ndinamva ngati andivula.

"Iwe, kawatengere mphasa. Yakale ija."

Moni anapatsana wonse, mpaka kufunsana za mvula, chifukwa ngakhale adani sayamba nkhani asanafunsane za mvula. Kenako bamboyo anavula chipewa n'kudzifotokoza. Anali mkulu wawo wa bambo anga. Mayiyo anali mlongo wawo, azakhali anga, ndipo ndi iwo anandilembera mawu atatu aja.

"Mayi," anatero bamboyo, "tidaona kalata ya mwana wathuyu pa foni. Adatiwerengera ndi adzukulu. Mudzi wonse udamva. Ena adati timuyankhe pomwepo, koma ine ndidati ayi. Mwana ali ndi mwini wake amene adamutsuka matewera. Sitingalankhule naye kuseri ngati akuba nkhuku. Tiyenera kukagogoda pakhomo."

Apo m'pamene ndinazindikira chimene ndinachita. Ndinabisala kwa apulofesa a informatika, kwa kampani ya mafoni, mwinanso kwa boma lenilenilo, ndipo onsewo sanandione. Koma ndinakwera lole yanga ya lona, n'kukatsikira pakati pa msika, n'kukwera pa thumba, n'kukuwa dzina langa ndi njira ya kwathu. Ndipo anthu amene ndinawaitana anali aulemu. Akanakhala amwano akanangondiyankha pa telefoni, agogo osadziwa kanthu mpaka lero.

"Kalata," anatero agogo. Anatsegula kachitini kawo, n'kununkhiza fodya mosafulumira. "Mwana wanga amalemba makalata. Ndidamuphunzitsa ndi mbatatesi zomwezi. Tsono inu mwati ndinu a yani? Pakuti anthu a mfunda umenewo ine ndimayesa adatha onse. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chete, ndimati kudagwa mliri."

"Tidalakwa, mayi."

"Simudalakwe. Wolakwa ndi amene waponda phazi la mnzake pa chapa. Inu mudabwera pano ndi njinga, mwana wanga ali kudambo, n'kumunyamula mwamuna wake ali chidwalire ngati mukuba thumba la chimanga. Mudakamuika m'manda Lachiwiri, uthenga udafika kuno Loweruka."

"Uthenga tidatuma munthu tsiku lomwelo," anatero azakhali. "Koma munthuyo atafika pa Kalomwe adakumana ndi anzake..."

"Adakumana ndi kachasu. Ndikudziwa. Nanga wachiwiri, wodzapepesa, nayenso akadali pa Kalomwe? Ameneyo ndiye wamwa kwambiri."

Azakhali anaseka mosafuna, n'kudzigwira pakamwa. Tambala anayesa kuthawa. Agogo anadikira kuti bata libwerere, ndipo pamene analankhulanso mawu awo anali otsika, opanda nthabwala.

"Mudanena kuti mwana wanga ndiye adamupatsa matendawo. Zidafika kuno. Adazimva yekha kumsika, khanda ili lili kumbuyo. Adafa akuzidziwa. Zimenezo ndiye mwabwera nazo tambala mmodzi, woonda chonchi?"

Zimenezi ndinali ndisanazimvepo. Ndinakhala pamenepo mbatatesi ili m'manja, ndikumva mbiri yanga ikukambidwa ngati mlandu wa malire a munda.

Bambo aja sanadziteteze. Anati mawuwo adanenedwadi, adanena ndi amayi awo ali pa chisoni, ndipo iwo amene anali ndi nzeru adakhala chete. Anati chaka choyamba adachita manyazi kubwera, chaka chachiwiri manyazi adakula, ndipo pofika chachisanu panalibenso njira yodutsa. Anati sanabwere kudzatenga munthu. Anabwera kudzanena kuti manda alipo, amalambulidwa chaka ndi chaka, ndipo mwana akafuna kuwaona khomo n'lotsegula, koma mawu omaliza ndi a agogo.

Agogo anatseka kachitini kawo. Anandituma kuti ndiwaphikire alendo tiyi ndi mbatatesi, zazing'ono zija za mbewu. Tambala anamulandira, ati si iye adalakwa. Dzuwa litapendeka alendo anatsanzika, ndipo azakhali pondigwira dzanja anandiyang'ana makutu n'kuyamba kulira.

Atapita, tinabwerera ku mulu wathu. Tinasankha mbatatesi mwina ola lathunthu. Kenako agogo anati, osandiyang'ana, "Mwana wa mnzanga uja, wamakiyi wa kushikola kwanu, sadandiuze kanthu. Amati masiku ano telefoni yako yangoti zii."

Ndinawafotokozera. Sindikudziwa chifukwa chake, mwina ndinkafuna chilango chibwere chonse nthawi imodzi. Ndinanena za lole ndi lona, za kakiyi kobiriwira, za Holanda.

"Ku Holanda."

"Eya, agogo."

"Udapitako?"

"Ayi. Telefoni yokha ndiyo imaoneka ngati ili kumeneko."

"Ndipo azungu amenewo amachita zimenezi mwa chifundo?"

"Ndinalipira."

Apo anasiya kusankha. "Udalipira. Udachotsa ndalama ya thukuta lako, kupatsa anthu osawadziwa, kuti akubise kwa ine." Anapukuta manja pa kapulana. "Kufuna atate wako sindikukudabwa. Ngakhale mwana wa mbuzi amanunkhiza. Ndimadziwa kuti tsiku lidzafika. Koma ine ndimayesa udzabwera kudzandituka pamaso, ndikutukenso, tilire, zithe. Sindimadziwa kuti ndidalera munthu wondilembera alonda."

Ndikanakonda akanandimenya ndi jombo. Lamulungu ndinabwerera ku Ulongwe agogo osandiperekeza mpaka pamsewu, chinthu chimene anali asanachitepo. Loweruka lotsatira ndinapita. Anandipatsa moni ngati wa kalembera. Sanafunse kuti ndadya chiyani mlungu wonse, kaya amene wandiluka tsitsi ndani, kaya chifukwa chiyani ndachedwa. Moyo wanga wonse ndinkalakalaka atasiya kundifunsa, ndipo atasiya, nyumba inakhala ngati ya eni ake.

Mwezi wanga wa ku Holanda unatha mkati mwa masiku amenewo. Uthenga unabwera wondifunsa mwaulemu ngati ndikufuna kupitiriza. Apulofesora, amene ndinawauza zonse, anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Mana, lona imabisa katundu panjira. Siimatseka pakamwa pa mwini katundu!"

"Ndiye n'zachabe?"

"Kwa wamakiyi uja si zachabe. Ukafuna kuwerenga za matenda ako, kapena kufunsira ntchito kwina adiretori osadziwa, kwera lole. Masamba akadzatsekedwanso, kwera lole. Koma amene amatisautsa ife sali mu waya. Ali pa mphakati."

Sindinapitirize. Ndinangosiya kugwiritsa ntchito wayifayi ya pashikola pa zinthu zanga, n'kumagula mamega angaanga. Apulofesa a informatika mpaka lero amandipatsa moni wa munthu amene anamulanda munda.

Loweruka lachitatu ndinapeza agogo atavala kale, majombo atapukutidwa, duku la kutchalitchi lili kumutu.

"Usakhale pansi. Tikupita."

"Kuti, agogo?"

"Ku Holanda. Ukufunsa chiyani? Ndili ndi mawu ndi mkamwini wanga."

Tinakwera chapa mpaka pa Kalomwe, tinaoloka, n'kukwera kabaza. Njira yonse agogo ankadandaula kuti mizere ya kutsidya ndi yokhota ndipo anthu ake sadziwa kubzala nyemba. Kumudziko anatilandira ngati abishopu. Anthu a makutu anga anali paliponse, ena akuyamwa, ena ndi ndodo. Anatiperekeza kumanda, ndipo atapempha chilolezo monga mwa mwambo anationetsa mulu wa dothi wokhala ndi mtanda wachitsulo, dzina litafufutika theka.

Agogo anaima kumutu kwa mandawo manja ali m'chiuno. "Ndabwera, bambo. Mudachoka osatsanzika, khasu langa mudalisiya kudimba mpaka lidachita dzimbiri. Mkazi wanu adakutsatirani, mwina mudaonana. Uyu ndi mwana wanu. Ndakulererani. Amalemba bwino, amadinda zikalata za boma, koma ndi wachinsisi ngati inu nomwe." Anatembenukira kwa ine. "Lira tsono. Si zimene umafuna?"

Sindinalire pomwepo. Ndinkangowerenga zilembo zotsala pa mtandapo. Misozi inabwera pambuyo, azakhali atandionetsa chithunzi chaching'ono cha mnyamata woonda ataima pambali pa njinga, akuseka, wamng'ono kuposa ine lero.

Chakudya agogo anakana. Anati ali ndi zogula pa Kalomwe. Anandikokera pambali. "Iwe tsala, udye ndi abale ako. Ine ndikakhala pa siteji. Chapa ikadzadza ndikwera. Ukafuna kugona konkuno, gona. Ukafuna kukhala, khala." Ananena akukonza duku, maso ali kwina, ndipo anakwera kabaza osacheuka.

Ndinatsala n'kudya. Azakhali ankanditchulira mayina a asuweni, ine ndikuyang'ana mthunzi wa nkhokwe ukutalika. Anandipempha kuti ndigone. Ndinalonjeza kudzabweranso, ndipo ndinanena zoona, ndakhala ndikupitako. Koma tsiku limenelo ndinauza wa kabaza kuti apalase ngati akuthawa ngozi.

Pa Kalomwe panali phokoso la masiku onse: malole, osintha ndalama akupukusa mitolo yawo, onyamula katundu pa njinga akukuwa kuti apatsidwe njira. Chapa ya ku Ulongwe inali ikunyamuka, yodzaza mpaka pakhomo. Ndinathamanga pambali pake ndikuyang'ana m'mawindo. Munalibe.

Ndinawapeza kuseri kwa siteji, atakhala pa thumba la makala la munthu wina, akukukuta chimanga chootcha. Panalibe chogula chilichonse pambali pawo. Kobradori wina, mwa aja oitanira anthu m'chapa, atandiona ndikupita kwa iwo anakweza manja kumwamba.

"Ndi anu amayiwa? Atengeni, chonde! Chapa zitatu zadzadza pamaso pawo. Iyi akuti matayala ngakutha, iyo akuti woyendetsa ali ndi nkhope ya ngozi, inayo akuti ikununkha nsomba. Atitukwanira makasitomala tsiku lonse!"

"Zinali zonunkhadi," anatero agogo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, pang'onopang'ono, monga kale. "Wafulumira bwanji? Sadakupatse chakudya anthu aja?"

"Anandipatsa."

"Ndiwo zanji?"

"Nkhuku."

"Yoonda?"

"Yoonda, agogo."

Anasendera pa thumbapo kuti ndikhale, n'kuthyola chimanga chija pakati.

"Yamba poyambirira," anatero. "Adalipo ndani ndi ndani?"